Paris yanga inathera pa chipewa

Abale matama ndi oipa, ine anandivula pagulu. Nditangotha miyezi inayi ku Dallas mnzanga wa kuntchito anati aise undiperekeze ku Paris Lachisanu tikatenge chikalata cha ukwati, chibwenzi chake kwawo ndi kumeneko. Paris yake ya ku Texas konkuno, maola awiri basi pagalimoto kulowera cha ku Oklahoma. Ndi katawuni ka anthu pafupifupi 25,000 koma ndi pa boma pa Lamar County, khoti ndi maofesi onse ali pamenepo, ngati mmene timanenera kwathu kuti ndapita pa boma. Zonsezi ndimazidziwa bwinobwino. Koma chinandilowa chani kaya, ndinaika pa status ya WhatsApp kuti Paris tikubwera Mulungu ndi wabwino, n'kuikanso ka ndege pambali.

Tisanatuluke n'komwe mu Dallas foni inayamba kuwira. Azakhali akufuna perefyumu, mlongo wanga akufuna chikwama, amalume omwe ndili nawo ngongole ya tikiti anangolemba kuti "chabwino mphwanga, ndaona". Mawu atatu okha koma thukuta linatuluka.

Apa munthu wanzeru akanafufuta status ija. Ine ayi. Anzanga aja atalowa mu ofesi ndinathamangira kukaona Eiffel Tower yawo, eya alinayo, anaimanga mu 1993, yotalika mamita 20 pomwe yeniyeni ya ku France imapitirira 300. Vuto ndi limodzi, mu 1998 anaiveka chichipewa chofiira cha makauboyi pamwamba penipeni, akuti pofuna kuposa nsanja ya Paris inanso ya ku Tennessee. Ndiye ndinagona chagada pa udzu, dzuwa la ku Texas likundiwotcha pamphumi, kufunafuna malo oti chithunzi chituluke zitsulo zokhazokha chipewa chisaoneke. Chinatuluka bho ndithu, ndinachiponya pa gulupu ya banja.

Pasanathe mphindi zisanu amayi akuimba pa vidiyo. Kukana foni ya amayi sungathe. Ndayankha, ndikupeza nyumba yonse yadzaza, azimayi a mvano anali ndi msonkhano kwathu tsiku limenelo ndipo amayi akuyendetsa foni kuti aliyense amuone mwana ali ku Ulaya. Ndinakweza dzanja kuti ndiwabayibitse, foni n'kupendekeka.

Zii.

Kenako mayi wina wachikulire anasendera pafupi ndi foni, maso atatsinzina, n'kufunsa kuti kodi mwanawe, nsanjayo yavala chisoti chifukwa cha dzuwa? Kamphwanga ka Fomu 2 kanali katafufuza kale pa Google, kanakuwa kuchokera kukhitchini kuti amalume ali ku Texas, ndi pafupi ndi kwawo komweko! Chiphwete chake ndinachimva mpaka kuno. Ndipo nthawi yomweyo bambo wina wa kuno anadutsa kumbuyo kwanga pa pikapu atavala chipewa chofanana ndendende, n'kundiimikira dzanja.

Perefyumu ya azakhali ndinagulabe, pa sitolo ina m'tawuni momwemo, risiti yolembedwa Paris ndinaiika mu paketi momwemo kuti asadzanditsutse. Amalume sanaseke nawo. Anangoti poti ulendo unali wa galimoto ndiye kuti ndalama ya ndege yatsala, nditumize pofika Lolemba.