Tayala linali litanena kale, ine ndiye sindinaligwire

Mwezi wachinayi ndikuphunzira umakaniko pagaraja ndi umene ndinadziwa kuti kuloweza mayina a zitsulo si kudziwa galimoto. Kunabwera bambo wina ndi Toyota Corolla AE110, zija za kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, yoti maenje a m'misewu yathu ikuwadziwa onse. Ankadandaula kuti ikukokera kumanzere, ndipo akakwera bampu kutsogolo kumamveka gu! gu! Madala amene amandiphunzitsa anali atapita m'tauni kukagula zipangizo. Ine pofuna kuoneka katswiri ndinangoti, "Bambo, imeneyi ndi alignment basi." Ndinawalozera kumene kuli makina a alignment, otchunira matayala kuti aziloza bwino, iwo n'kukalipira.

Patatha masabata atatu anabweranso, tsinya lili pamphumi. Galimoto ikukokerabe, ndipo tayala lakutsogolo kumanzere linali litadyeka mbali yamkati mpaka mawaya akusuzumira.

Madala sanandikalipire pamaso pa kasitomala. Anangoti, "Mphwanga, tenga jeki."

Titaikweza n'kuikhazika pa masitandi, anandiuza kuti ndigwire tayala pamwamba ndi pansi, ngati pa 12 ndi pa 6 pawotchi, ndiligwedeze. Linali nga. Akanakhala kuti lagwedera, anatero, tikanaganizira ball joint, mfundo imene tayala limatembenukirapo pokhota, kapena bearing, imene tayala limazungulirapo, ndipo posiyanitsa ziwirizi wina amaponda buleki: kugwedera kukatha buleki itapondedwa ndiye kuti ndi bearing, kukapitirira yang'ana ball joint. Kenako pa 3 ndi pa 9. Apa ndiye khwekhwerekhwe, tayala likusewera m'manja mwanga chiwongolero chisakuyenda. Madala anagwira tie rod end, nsonga ya ndodo yolumikiza chiwongolero ndi tayala, ndi chikhatho ine ndikugwedeza, anapeza ili bwino. Anasuntha dzanja kupita mkati, pa kamphira kopindikapindika kamene kamaphimba rack end, mfundo yamkati ya ndodo yomweyo, n'kundiitana kuti ndigwire ndekha. Kamphirako kanali katang'ambika, girizi atasakanikirana ndi fumbi n'kukhala ngati phala la mchenga, ndipo pansi pa zala ndinkamva kugogoda kwenikweni.

Gu! gu! uja anali ndi mwini wake wina. Madala atalowetsa chitsulo chochotsera matayala pa bushi (kamphira ka pamfundo) yakumbuyo ya control arm, mkono wachitsulo umene umagwiriza tayala ku thupi la galimoto, n'kukanikiza, mkono wonse unasuntha mosavuta. Mphira unali utang'aluka kuzungulira.

Pamenepa ndi pamene ndinamvetsa chimene ndinalakwitsa. Makina a alignment amayeza galimoto itaima phee. Wotchuna akhoza kupotokola tie rod mpaka manambala onse akhale obiriwira, koma ngati rack end ikugwedera, galimoto ikangotuluka pageti n'kugunda dzenje loyamba tayala limaloza kumene lafuna. Bushi yotha nayo, ukaponda buleki mkono umabwerera m'mbuyo, tayala n'kutembenuka pang'ono. Ndalama za bambo aja zinangopita m'madzi chifukwa cha pakamwa panga.

Madzulo ake madala anandikhazika pansi ndi tayala lija. Anati ndilisisite ndi chikhatho chopingasa, kupita mkati kenako kubwerera kunja. Mbali ina linali see, pobwerera likukanda ngati mano a sowo. Chimenecho ndi chizindikiro cha toe, kutanthauza kuti matayala awiri akutsogolo sakuloza limodzi, ndiye limodzi limayenda likukhwekhwereza pamsewu. Kudyeka mbali imodzi koma kosalala kawirikawiri ndi camber, tayala litapendekera mkati kapena kunja. Likamadyeka mabangamabanga, pena pokumbika pena potukuka, yang'ana mashoko, chifukwa tayalalo likudumphadumpha. Kudyeka m'mbali zonse ziwiri pakati pali bwino ndi kuchepa kwa mpweya chabe. Zonsezi ndinazilemba m'kope kusukulu, ndipo mayeso ndinakhoza, koma dzanja langa linali lisanazimvepo.

Pa za kukokera anandichenjezanso kuti ndisamathamange. Kuno timayenda kumanzere, ndipo msewu amaupanga wopendekera kumbali kuti madzi a mvula azitsika, choncho galimoto yabwinobwino imatha kutsetserekera kumanzere pang'onopang'ono ukasiya chiwongolero. Uyambe wayeza mpweya. Kenako sinthanitsa matayala akutsogolo. Ikayamba kukokera kumanja, vuto ndi tayala. Gwiranso marimu mutayenda kamtunda: ina ikatentha kuposa inzake, buleki ikugwira yokha. Ndipo kunjenjemera kwa chiwongolero pa liwiro la makilomita 80 kapena 100 pa ola nthawi zambiri ndi balancing, kutanthauza kuti tayala likulemera mbali imodzi, ngakhale makasitomala ambiri zonsezi amangozitcha alignment, monga ndinkachitira inenso.

Pomanga ndinatsala pang'ono kulakwitsanso. Nditaika control arm ya bushi yatsopano, ndinatenga sipanala kuti ndimange bawuti mpaka gwa galimoto ili m'malere. Madala anandigwira mkono. Bushi imamangidwa komaliza galimoto itatsika, kulemera kwake kuli pa matayala. Ukaimanga tayala likulendewera, galimoto ikatsika mphira umakhala wopotoka nthawi zonse, ndipo sukhalitsa. Pochotsa tie rod end kuti tifike pa rack end anandiwerengetsa kuti ndaizunguliza kangati, 17, ndipo pobwezera ndinazunguliza 17 yemweyo, kuti galimoto ikafike kumakina isakudya matayala m'njira. Pa Corolla ngati imeneyi chimene amatchuna kwenikweni ndi toe. Caster, kupendekera kutsogolo kapena m'mbuyo kwa mzere umene tayala limatembenukirapo pokhota, alibe pomutchunira, akasokonekera ndiye kuti china chake chapindika kapena chatha.

Alignment yachiwiri analipira madala, koma anandidula pa kandalama kanga ka sopo mwezi umenewo, ndipo sindinatsutse. Bambo aja anagula matayala awiri a kaunjika, lakale lija n'kutisiyira. Lili pakhomo pagaraja, timakhalira tikamadya chimanga chootcha masana, ndipo mawaya ake anding'ambira kale ovolosi pa ntchafu.