Mashelefu oti botolo lililonse lizioneka

Ine ndi amuna anga timamanga mashelefu ndi tizipinda tosungiramo zakudya zomwe anthu amakonza okha kunyumba n'kuzitsekera m'mabotolo. Iwo ndi kalipentala, ine ndiye wa mabotolo. Ndakhala ndikuphika jamu ndi kusunga tomato, nyemba ndi zipatso m'mabotolo kwa zaka zambiri, ndipo bizinesiyi inatulukira pamenepo. Anzanga omwe tinkaphunzitsana ntchitoyi akabwera kudzacheza ankakhalitsa pa mashelefu omwe amuna anga anandikhomera, kuwagwiragwira ndi kufunsa miyezo yake. Wina anapempha kuti timukhomere ake, mnzake anawaona nayenso n'kufuna, mpaka tinaona kuti ndi ntchito yoti n'kuikirapo mtima.

Titayamba kulowa m'nyumba za anthu tinaona chinthu chomwe chimandiwawa mpaka lero. Munthu amasamala zedi pophika, mabotolo watsuka bwino, nthawi wayeza ndi wotchi, zivindikiro zagwira. Koma akamaliza, mabotolowo amawaika pena paliponse: pamwamba pa kabati pafupi ndi moto, m'makatoni pansi pa bedi, ena pawindo kuti jamu aziwala ndi dzuwa. Thukuta lonse lija limakaonongekera pamalo osungira.

N'chifukwa chake tikafika pakhomo sitiyamba ndi kuyeza khoma. Timayamba tafufuza malo ozizira, ouma ndiponso amdima. Malangizo a USDA, nthambi ya boma la United States yoona zaulimi, amati zakudya zoterezi zisungidwe pa madigiri 10 mpaka 21, zisafike pamalo otentha kupitirira madigiri 35, ndipo zidyedwe chaka chisanathe kuti zikhale zikadali zokoma. Kutentha kumachotsa kukoma ndi zofunika m'thupi, kuwala kumasulutsa mtundu, chinyezi chimabweretsa dzimbiri pa chivindikiro mpaka mpweya n'kulowa. Choncho ndimagunda khoma ndi chikhatho, ndimafunsa ngati kuseli kwake kuli mbaula kapena paipi ya madzi otentha, ndimayang'ana pansi ngati pamatuluka chinyontho. Nthawi zina malo omwe mwininyumba anawakonda timawakana, n'kusankha kakona komwe sanakaganizire n'komwe.

Kenako pamabwera nkhani ya kulemera, yomwe anthu ambiri amaipeputsa. Botolo la lita imodzi likadzaza limalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Pa shelefu yotalika mita imodzi pamakwana mabotolo otere 10 pa mzere umodzi, ndiye mizere itatu ndi mabotolo 30, katundu woposa makilogalamu 40 pa thabwa limodzi. Mashelefu a mabuku kapena a matabwa opanga ndi utuchi amayamba kupindika pakati, ndipo akamwa chinyezi amafufuma. Amuna anga amagwiritsa ntchito matabwa enieni okhuthala masentimita awiri kapena kuposerapo, amaika mizati yochirikiza pafupipafupi, ndipo chimango chonse amachimangirira kukhoma kuti mwana akakoka chisamugwere. Kutsogolo kwa shelefu iliyonse amakhomako kathabwa kakang'ono kotchinga mabotolo kuti asatsetsereke.

Pomwe timakangana kwambiri ndi makasitomala ndi pa kuya kwa shelefu. Pafupifupi aliyense amafuna yakuya kuti ilowe zambiri. Ife timaima pa masentimita 30, mizere itatu basi, ndipo malo akalola timakonda iwiri. Shelefu yakuya ili ngati chitsime: chomwe chapita pansi simuchionanso. Mayi wina anatiitana kuti tikonze kabati yake yakale yomwe dzanja silinkafika kumapeto. Titatulutsa zonse n'kuziyala pansi, kumbuyo kunapezeka mabotolo a tomato opanda deti, madzi ake atachita mbuu, chivindikiro china chitatukumuka. Mayiwo anangogwira pakamwa, chifukwa chaka chilichonse ankakonza tomato wina n'kumuika kutsogolo, osadziwa kuti wakale akadalipo. Tinawamangira mashelefu osaya koma ambiri, otalikirana mogwirizana ndi msinkhu wa mabotolo awo, kusiyako mpata woti dzanja lilowe ndi kunyamula botolo osagunda lina. Malo omwewo anakwana mabotolo onse, ndipo tsopano amawaona onse ataima pakhomo.

Kuonekaku sikuti ndi nkhani ya kukongola chabe. M'zakudya zopanda asidi wokwanira, monga nyemba, nyama ndi masamba ambiri, mungathe kukula kachilombo kotchedwa Clostridium botulinum, komwe poizoni wake amapha ndipo nthawi zambiri samveka fungo kapena kuoneka. Mbewu zake sizifa ndi madzi owira pa madigiri 100. Zimafunika poto wa pulesha wofika madigiri 116, ndipo pa muyeso wa asidi wotchedwa pH malire ake ndi 4.6: chakudya chikaposa pamenepo ndiye kuti asidi wake ndi wochepa, ndipo kuwiritsa m'madzi wamba sikokwanira. Tomato amakhala cha m'malire, n'chifukwa chake timathiramo madzi a mandimu. Shelefu yabwino singakonze botolo lomwe linaphikidwa molakwika, ndipo izi timawauza makasitomala mosabisa. Chomwe ingachite ndi kukuonetsani msanga botolo lomwe latayikira, lachita thovu, lamera nkhungu kapena chivindikiro chake chamasuka. Loterolo musalawe n'komwe, litayeni.

Pa chifukwa chomwechi timalimbikira kuti mkombero wachitsulo womwe umapana chivindikiro uchotsedwe botolo lisanakwere pa shelefu. Likazizira kwa maola 12 mpaka 24, dinani pakati pa chivindikiro ndi chala. Chikakhala cholowa m'kati osadumpha, chagwira. Masulani mkomberowo, pukutani botolo, lembani zomwe zili m'katimo ndi deti. Mukausiya umasunga madzi n'kuchita dzimbiri, komanso umapanikiza chivindikiro chomwe chamasuka kale kuti chizioneka ngati chili bwino. Kusanjikiza mabotolo kumabisanso vuto lomweli, ndiye ife timakonda kuonjezera shelefu ina kusiyana n'kulola botolo kukhala pamwamba pa linzake.

Ndimakonda kukumbukira kuti Nicolas Appert wa ku France, yemwe anafalitsa njira yosungira chakudya m'mabotolo mu 1810, anaipeza njirayo nthawi yomwe wasayansi Louis Pasteur anali asanafotokoze za tizilombo toononga chakudya. Botolo lokhala ndi chivindikiro chopotokola lomwe ambiri timagwiritsa ntchito linabwera ndi John Landis Mason mu 1858. Ife tili ndi mwayi woti tikudziwa chifukwa cha lamulo lililonse, ndipo ndimaona kuti kasitomala akamva chifukwacho salinyozera.

Amuna anga akamaliza kukhoma, ine ndimatsala ndi mwininyumba kusanja. Mabotolo aakulu ndi olemera amapita m'munsi koma osati pasimenti, jamu ndi timabotolo ting'onoting'ono m'mwamba, zomwe banja limadya kawirikawiri pomwe maso amafikira. Mtundu uliwonse umakhala ndi mzere wake kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, atsopano amalowera kumbuyo, akale amasendera kutsogolo. Timasiyanso shelefu imodzi ya mabotolo opanda kanthu, poti botolo lililonse lodyedwa limafuna pokhala, ndi kabokosi ka mikombero ndi zivindikiro. Kuchitseko timapachika kope ndi pensulo kuti aliyense wotenga botolo azilemba. Kope limenelo likatha chaka limauza banja kuti nyemba zinathera pati ndipo jamu watsala wochuluka bwanji, ndiye nyengo yotsatira amadziwa zoti akonze zingati.

Masiku ano oda zambiri zimachokera kwa anthu a nyumba zazing'ono omwe alibe chipinda chapadera, kotero amuna anga akupanga mashelefu opyapyala a mzere umodzi okhala ndi zitseko, oti akhomedwe m'kakhonde ka m'nyumba kapena pansi pa masitepe.