Horace Jones ndi msika wa nyama wa Smithfield

Teremu ino, pa phunziro la mbiri ya zomangamanga, tikuwerenga za akatswiri ojambula mapulani amene ankalembedwa ntchito ndi makhonsolo a mizinda ku England. Ine mtima wanga wakhazikika pa Horace Jones, amene anagwirira ntchito khonsolo ya City of London kuyambira 1864 mpaka imfa yake mu 1887.

Ambiri amamutchula chifukwa cha Tower Bridge, mlatho umene anaukonza limodzi ndi injiniya John Wolfe Barry. Koma iye anamwalira ntchito itangoyamba kumene, ndipo pofika 1894 pamene unkatsegulidwa, maonekedwe ake akunja anali atasinthidwa ndi ena. Luso lake lenileni ndikuliona m'misika imene anamanga: Billingsgate wa nsomba, Leadenhall, makamaka Smithfield.

Kale pa Smithfield ankagulitsirapo ng'ombe ndi nkhosa zamoyo, pakati penipeni pa mzinda, ndowe ndi matope ponseponse, mpaka ziwetozo zinasamutsidwira ku Islington mu 1855. Jones anapatsidwa ntchito yomanga msika wa nyama yophedwa kale, umene unatsegulidwa mu 1868. Tangoganizani, mafiriji nthawi imeneyo kunalibe. Nanga nyama yodyetsa mzinda wonse ifika bwanji, ndipo isungidwa bwanji kuti isawole?

Yankho lili m'pulanimo. Pansi pa msikawo panadutsa njanji, choncho sitima inkalowa ndi nyama mpaka kunsi kwa nyumbayo, zikepe n'kuikwezera pamwamba pamene pali ogulitsa. Denga analikweza m'mwamba kwambiri pa mizati yachitsulo, n'kulisiyira timipata toti mpweya wotentha uzitulukira, kuwala kuzilowa koma dzuwa lisamawombe nyama. Pakati anadutsitsapo msewu wofoleredwa, Grand Avenue, woti ngolo zizidzeramo. Kunja anakongoletsa ndithu, njerwa zofiira, miyala yoyera ndi nsanja m'makona, koma zikuonekeratu kuti munthuyu anayamba waganizira wonyamula nyama paphewa m'bandakucha.

Chimene chikundikhudza n'chakuti wojambula wa khonsolo sasankha ntchito. Zimene mzinda ukusowa ndi zomwezo zimafika patebulo pake, ndipo ozigwiritsa ntchito ndi anthu wamba amene dzina lake sadzalidziwa n'komwe.

Aphunzitsi atipatsa ntchito yojambula kamsika ka m'tauni. Pepala langa loyamba lilibe khoma ngakhale limodzi: ndajambulapo potsitsira katundu malole, ngalande yotulutsa madzi a nsomba, ndi mbali imene mphepo imachokera.