Davis Cup Ndinayimvera Pazenera

Kachipinda kamene anandipatsa kanali kuseri kwa bwalo lachitatu, pakati pa mosungira maukonde akale ndi mosinthira zovala. Zenera limodzi, soketi imodzi. Ndinafika Lamulungu madzulo ndi makina anga okungira maraketi, mipukutu inayi ya zingwe, pulayazi ndi kachitsulo kanga kosongoka. Sabata yonse ndinakhala mmenemo. Tenisi imene ndinaiona ndi maso sinakwane ngakhale maola awiri.

Anthu akamva zoti ndinali ku Davis Cup amandifunsa ngati ndinamuona Jannik Sinner. Ndimangoseka. Sinner ndi anzake a ku Italy anatenga chikhocho ku Malaga mu 2023 ndi 2024, koma kumeneko ndi kunsonga kwa mtengo. Mpikisano umenewu, umene Dwight Davis anayambitsa mu 1900 pamene America inakumana ndi Britain ku Boston, lero amalowa mayiko oposa 150, ndipo ambiri ali kumizu. Pansi pa magulu apamwamba otchedwa World Group I ndi II pali magulu a m'zigawo: America, Asia ndi Oceania, Ulaya, Africa. Ife tinali mu Gulu III la Africa. Kuno matimu onse amasonkhana malo amodzi, amagawidwa m'timagulu, aliyense n'kumenyana ndi mnzake, ndipo tsiku lomaliza ena amakwera, ena amatsika. Mayiko awiri akakumana, zonse zimatha tsiku lomwelo: amayamba osewera achiwiri a timu iliyonse, kenako akatswiri awo oyamba, pomaliza masewero a awiriawiri.

Lolemba ndinayamba ndi mkangano. Katswiri wa timu ina yochokera m'mphepete mwa nyanja yamchere anandisiyira maraketi anayi, akuti ndikoke zingwe pa mphamvu ya makilogalamu 23. Ndinakunga 23. Masana anabwera nkhope ili gwa, kaputeni wake ali pambuyo.

“Bambo, makina anuwa ndi abodza. Mpira uliwonse ukupita kunja.”

Sindinatsutse. Ndinatenga sikelo yoyesera, n'kukoka chingwe iye akuona. 23 ndendende. Kenako ndinawafunsa a Kaputeni ngati anawauza anyamata awo kutalika kwa mzinda umene tinali. Pamalo okwera mpweya ndi wopepuka, mpira umathamanga ndiponso umadumpha kuposa kunyanja. Malamulo a ITF, bungwe loyendetsa tenisi padziko lonse, amalola mpira wapadera pamalo opitirira mamita 1,219, koma ngakhale ndi mpira umenewo dzanja lozolowera kunyanja limaponya patali. Mankhwala ake ndi kukunga molimbirako, kilogalamu imodzi kapena awiri. Tinadula zingwe zatsopanotsopano pa maraketi onse anayi, n'kuyambiranso pa 25. Kupepesa sanapepese. Koma Lachiwiri anatumiza anzake atatu kwa ine, ndipo pantchito yathuyi kupepesa kwake n'komweko.

Munthu wokunga maraketi amadziwa chuma cha timu asanaone mbendera yake. Amene amaphunzira m'makoleji a ku America amabwera ndi maraketi asanu kapena asanu ndi limodzi ofanana, chingwe chawochawo, kapepala kolemba bwinobwino. Pafupifupi onse masiku ano amafuna polyester, chingwe cholimba chimene chinatchuka Gustavo Kuerten atapambana nacho ku Roland Garros, mpikisano waukulu wa ku France, mu 1997. Chimapotokola mpira bwino, koma chimafa msanga: chikhoza kuoneka chamoyo, chosaduka, mphamvu itatha kale, ndipo chigongono cha wosewera ndicho chimalipira. Chingwe cha matumbo a ng'ombe, chimene akuluakulu amasakaniza ndi polyester, sabata yonse ndinachigwira kamodzi kokha.

Ndiye panali mnyamata wina wa zaka 17, wachinayi m'timu yake. Anabwera Lachiwiri usiku anzake atapita kukadya. Maraketi awiri, osafanana n'komwe mtundu. Zingwe zake zinali zitadyana mpaka kupanga timipata pomwe zimapingasana, chizindikiro choti zakhalapo miyezi.

“Bambo, simungangosintha zapakati zokhazi? Zam'mbalizi zikadali bwino.”

Ine kuphatika chingwe sindifuna. Raketi imakokeka mbali imodzi, ndipo tsiku lina imathyoka. Ndinamuuza zimenezo. Anayang'ana pansi, n'kuyamba kuwerenga ndalama m'thumba la kabudula osazitulutsa. Raketi imodzi imadya pafupifupi mamita 12, ndipo mpukutu wa mamita 200 ukamatha pamatsala kachidutswa kovuta kugulitsa. Ndinali ndi zotsala zoterozo ziwiri, za mitundu yosiyana. China ndinaika mulitali, china chopingasa. Ndinakunga imodzi yokha. Yachiwiriyo anati idikire.

Lachitatu mpaka Lachisanu zinangodutsa ngati tsiku limodzi lalitali. Kudzuka 5 koloko, maraketi a m'mawa, kupuma pang'ono masewero akayamba, chigumula cha maraketi madzulo, kugona pakati pausiku. Zala zinachita matuza, matuzawo n'kuphulika. Lachinayi ndinalakwitsa ndekha. Ndikumaliza raketi ya 11 koloko usiku, ndinayendetsa chala pamwamba pa zingwe monga ndimachitira, n'kumva pena pakuterera. Chingwe chopingasa chachisanu ndi chiwiri chinadumpha ziwiri m'malo molowa pansi, pamwamba, pansi, pamwamba. Mwini wake mwina sakanaona. Koma malamulo amafuna kuti zingwe zilukane mosinthanasinthana, ndipo ine ndinali nditaona. Ndinadula zonse, chingwe cha mwini wake, n'kubweza ndi changa, ndipo m'mawa ndinamuuza.

Chimene chimandisangalatsa pa mpikisano umenewu ndimachimva ndi makutu. M'mipikisano ina woyimbira amatchula dzina la wosewera. Ku Davis Cup amatchula dziko. Mnyamata amene chaka chonse amasewera yekhayekha, wopanda womuombera m'manja, mwadzidzidzi akumva dziko lake lonse likutchulidwa pa mpira umene iye waponya mu ukonde. Ena zimawakweza, ena miyendo imalemera. Komanso kaputeni amakhala pampando m'bwalo momwemo, n'kumalankhula naye pa masekondi 90 osinthira mbali aja. Pazenera langa ndimamva zonse: Chifalansa, Chingerezi, Chiarabu, Chipwitikizi, mawu otonthoza ndi ena osalembeka.

Kaputeni wina wachikulire ankakonda kudzakhala pa kabokosi kanga madzulo, osati kudzakungitsa, kudzangocheza. Nkhani yake inali imodzi: Zimbabwe ya Byron ndi Wayne Black. Mmene anagonjetsera Australia kwawo komwe, ku Mildura, mu 1998. Mmene mu 2000 America inabwerera ku Harare ndi Andre Agassi, John McEnroe ali kaputeni, n'kupulumukira pa 3-2. “Ana awiri a nyumba imodzi, achimwene,” ankatero, “bwalo la kuseri kwa nyumba ya bambo awo.” Ndinamukumbutsa kuti South Africa inatenga chikho chenichenicho mu 1974. Anagwedeza dzanja. Chimenecho, akuti, sachiwerengera, poti India inakana kusewera ndime yomaliza chifukwa cha tsankho la ku South Africa. Pamenepo ndimagwirizana naye.

Loweruka timu ya mnyamata uja inali pa masewero opewa kutsika. Ogonja apita ku Gulu IV, ndipo kutsika kumatanthauza chaka china chokapempha ndalama za ndege kwa anthu amene akufunsa kuti munapindulanji. Masewero oyamba anapambana, achiwiri anagonja. 1-1. Katswiri wawo anatuluka m'bwalo akutsimphina, ndipo kaputeni, amene amaloledwa kusintha mayina a awiriawiri masewero achiwiri akangotha, analemba dzina la mwana uja. Sabata yonse anali asanaponde m'bwalo pa masewero enieni.

Seti yoyamba ili pakati ndinamva kaphokoso kamene wokunga aliyense amakadziwa ngakhale ali m'tulo. Thwa! Posakhalitsa kamtsikana kotola mipira kanalowa kali wefuwefu, raketi m'manja. Inali imene ndinakunga Lachiwiri ija. Ndiye kuti m'bwalomo anali ndi yakale ija, ya zingwe zodyana, popanda ina pambuyo pake.

Masiku onse raketi imanditengera mphindi 25. Sindinayang'ane wotchi, koma sindinakungepo mofulumira chonchija. Ndikudula, ndinamva woyimbira akupereka seti kwa adani awo. Ndikukoka zamulitali, dziko la mnyamata uja linatchulidwa kawiri motsatizana. Ndikuluka zopingasa, manja akunjenjemera, ndimangoyembekezera thwa wachiwiri. Mfundo yomaliza nditamanga ndinayendetsa chala pazingwe zonse, poti za Lachinayi zinali zikadali m'mutu, kenako ndinathamanga nayo ndekha.

Ndinaipereka kwa kaputeni pa nthawi yosintha mbali. Mnyamatayo anaiyang'ana, anaimenya pachikhatho kumva kulira kwake, n'kuitsamiritsa pampando. Anabwerera m'bwalo ndi yakale ija. Inali itamupatsa magemu anayi, ndiye aisiye bwanji? Ndinaima kuseri kwa waya mpaka kumapeto, mtima uli m'mwamba nthawi iliyonse akamenya mwamphamvu. Anatenga seti yachiwiri. Yachitatu inakoka mpaka mithunzi inafika pakati pa bwalo, ndipo mpira womaliza anaumenya mnzake pa ukonde. Timu yonse inalumpha zikwangwani n'kumugwetsera pansi mwanayo, raketi ili m'manja, zingwe zili zonse.

Ndikulongedza makina usiku anabwera ndi malaya a timu, onyowa ndi thukuta, dzina la dziko lake kumsana. Akuti ndalama alibe, nditenge amenewo. Ndinalandira. Kenako ndinamuuza kuti andipatse raketi yakale ija ndiikunge asanakwere ndege. Anaibisa kumbuyo.

“Iyi ayi, bambo. Iyi idzaduke yokha.”