Chipewa changa chofiira pakati pa a buluu ku Indiana

Amalawi kumpoto kwa Indiana tilipo ambiri, makamaka ku South Bend, moti ukadandaula mokweza za mtengo wa ufa m'sitolo wina kumbuyo kwako amayankha kuti "zoonadi achimwene". Koma ine ntchito inandikokera chakum'mawa, ku Elkhart County, kumene amapanga ma RV, magalimoto aja okhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi m'kati momwemo. Kumeneko ndi minda ya chimanga, ngolo za akavalo za anthu a Amish, ndi mbendera za Trump pakhomo ndi pakhomo. South Bend, kumene Pete Buttigieg anali meya kuchokera 2012 mpaka 2020, ndi ya a Democrat, koma ukangotuluka mumzindamo walowa m'dziko la a Republican. Mike Pence, wachiwiri wakale wa Trump, kwawo n'ku Indiana konkuno. Obama atapambana ku Indiana mu 2008 anthu anagwira pakamwa, chifukwa wa Democrat anali atapambanako komaliza mu 1964.

Ine zonsezi zinalibe nane ntchito. Ndale zanga zinali mashifiti ndi lendi.

Mu Okutobala 2024, chisankho chitayandikira, mayi wina wachikulire woyandikana naye nyumba, mphunzitsi wopuma, anandipeza pa bokosi la makalata. Anayang'ana uku ndi uku, kenako n'kunong'ona kuti, "Loweruka tili ndi kamsonkhano ka ndale. Ndife ochepa, koma tilipo. Mubwere." Ananong'ona ngati mmene akuluakulu ankatchulira matipate mu 1992, mawindo atatseka.

Mawu oti msonkhano wa ndale ndi amene anandilowa m'khutu. Kwathu zimenezi timazidziwa: lole, chitenje, tisheti, ndi kangachepe kogulira sopo. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa zogawagawazi, inde, koma mimba sinawerenge lamulolo. Ndiye ngati ku Ndirande amagawa, nanga ku America? Tsikulo sindinadye masana. M'chikwama ndinaponyamo makontena awiri. Ndinavala malaya anga a pa zikondwerero, a chitenje chofiira cha njovu zikuluzikulu, osoka telala wa ku Limbe. Popeza kunali kamphepo, kumutu ndinaika chipewa changa chofiira cha Bullets.

Nyumbayo inali pakati pa minda, panja popanda chikwangwani chilichonse, magalimoto atawaimika kuseri kwa khola kuti odutsa asawerenge. Nditatsegula chitseko, phokoso lonse linati zii. Bambo wina foloko inamupulumuka. Maso onse anali pamutu panga, kenako pa njovu, kenako pamutu panga kachiwiri. Mayi wondiitana uja anali asanafike.

Amene simudziwa, ku America kufiira ndi kwa a Republican, njovu ndi chizindikiro chawo, ndipo chipewa chofiira ndi cha otsatira Trump. A Democrat ndi a buluu, nyama yawo ndi bulu. Ine ndinali ndalowa nditavala yunifolomu yonse ya adani, kungosowa mbendera.

Anthu ananong'onezana pakona. Kenako gogo wina anabwera, n'kundigwira manja onse awiri. "Mwalimba mtima pobwera kuno. Takulandirani." Anandikhazika pa mpando wofewa kuposa yonse, mbale n'kundidzazira nkhuku, makaroni a tchizi, nyemba, chitumbuwa cha maungu. Mumtima ndinati ee, America ndi America. Chimene sindinkadziwa n'chakuti chakudyacho aliyense anabwera nacho kuchokera kwawo, komanso kuti anthuwa anakhala miyezi akuphunzitsana kumvetsera wa mbali inayo popanda kukalipa, koma wa mbali inayo woti ayeserepo anali asanamupeze. Mulungu anali wawatumizira ine.

Pakhoma panali chithunzi chakale cha tambala. Ndinasangalala kuona wakwathu, ndipo ndinakweza chala n'kunena kuti "Kwacha!" Bambo wa foloko uja anafotokoza mwaulemu kuti tambala ndi chizindikiro chakale cha a Democrat a ku Indiana, chinayambira ku Greenfield mu 1840. Ine ndinati, "Tambala ndimamudziwa bwino. Anatilamulira zaka 30, wotsutsa ankangosowa." Mayi wina anatulutsa kope n'kuyamba kulemba.

"Tiuzeni," anatero gogo uja akuloza chipewa, "mwakhala wofiira nthawi yaitali?"

"Chibadwire, mayi. Bambo anga anali ofiira, ine wofiira, mwana wanga ndamugulira kale yunifolomu."

"Nanga a buluu mumawaona bwanji? Lankhulani momasuka."

Funso limeneli munthu wa Maule safunsidwa kawiri. Ndinaika mbale pansi. "A buluu ndi anthu abwino, koma kulira! Akagonja amati tabera. Chaka chilichonse amati chino n'chathu, mapeto ake misozi. Ife tapambana kasanu motsatizana kuchokera 2018."

Ena anayamba kuwerenga zala. Wa kope uja cholembera chinkachita kuthamanga.

"Mlamu wanga ndi wabuluu," ndinapitiriza, nkhuku itandilimbitsa mtima. "Tsiku la nkhondo sitilankhulana. Iye mbali yake, ine mbali yanga. Koma madzulo timakumana, wogonja amagula mowa."

Apa mayi wina anayamba kulira, kulira kwenikweni. Anati iye ndi mchimwene wake sanadyere limodzi Thanksgiving, phwando la pachaka la banja, kuchokera 2016. Wina anati kutchalitchi anasiya kutchula maganizo ake, wina anati chikwangwani chake chinazulidwa usiku, wina anati anakhala zaka akupatsana moni ndi bambo wa foloko uja osadziwa kuti amavotera kumodzi, mpaka anaonana ndi kabaji kakang'ono pachikwama. Ndinawamvera chisoni ndithu. Ndinadabwanso kuti anthu a kuno mpira amautengera pamtima chonchi.

Gogo uja anapukuta maso. "Funso lomaliza. Mtsogoleri wanuyo, chimene mumamukondera n'chiyani?"

"Ndi wodekha, salankhulalankhula. Ndipo poti ndi wa ku Zimbabwe, alibe zokondera."

Cholembera chinaima.

"Wa ku Zimbabwe?"

"Eya, Kalisto Pasuwa."

Nthawi yomweyo mayi woyandikana naye uja analowa atanyamula keke. Atandiona anakuwa, keke ija pang'ono igwe. Mnyamata wina anapempha chipewacho, n'kuchiyang'ana pafupi, n'kufufuza pa foni. Anawaonetsa anyamata ovala zofiira akuthamanga pa Kamuzu Stadium, a Wanderers ovala zabuluu ali pambuyo. Kuseka kunayambira kukhitchini n'kufalikira nyumba yonse, bambo wa foloko mpaka kutsamwa. Wa kope yekha ndi amene sanaseke. Anayang'ana masamba ake odzaza, n'kufunsa mwakachetechete ngati mwina, pang'ono pokha, ndimakondako Trump. Nditanena kuti ine ngakhale kuvota sindivota chifukwa si ine nzika, anatseka kopelo.

Ulemu unathera pomwepo. Mpando wofewa uja anabwezera gogo mwini wake, ine n'kupatsidwa wachitsulo. Zitenje sizinabwere, matisheti sanabwere. Chinabwera ndi kadengu, ndipo kankayenda kolowera kolakwika: m'malo motapamo, anthu ankaponyamo, za masitampu. Kenako anatikhazika patebulo kulemba pamanja makadi okumbutsa anthu kukavota pa 5 Novembala, mpaka zala kuuma. Potulutsa magalasi m'chikwama, makontena anga aja anagubuduka mpaka pakati pa chipinda. Gogo anawatola n'kunena kuti ndine munthu woganiza patali, n'kundidzazira saladi wa jeli wobiriwira amene aliyense ankamulambalala.

Pakhomo panali pepala la mwezi wotsatira, aliyense kulemba chimene adzabwere nacho. Anthu onse anali atandizungulira, akufunsa chimene timadya kwathu tikapambana. Manyazi anandigwira dzanja, ndipo ndinalemba kuti nsima, nkhuku ndi chigwada, za anthu 20.

Mayi a kunyumba nditawafotokozera anandimvetsera mpaka kumapeto, akuyang'ana jeli uja akunjenjemera m'kontena. Kenako anatsegula kabati, n'kutulutsa mthiko, n'kundipatsa m'manja.

"Wolemba ndinu, bambo. Ine Loweruka limenelo ndili pa shifiti."