Kuyeza mnyamata wa zaka 18: zomwe ndaphunzira pa mkangano wa masapota a ku Montreal

Mu kosi ya ziwerengero yomwe ndikuchita tinapatsidwa ntchito yosankha chigamulo chenicheni chomwe anthu anapanga asakudziwa za mawa, n'kuchiunika bwinobwino. Ine ndinasankha hockey ya pa ayezi, makamaka mwambo wa draft mu ligi ya NHL ya ku Canada ndi America, chifukwa kumeneko zolemba zonse zili poyera: yemwe anasankhidwa, pa nambala yanji, ndi zomwe anadzachita pambuyo pake.

Mwambowu umayenda motere. Chaka chilichonse matimu 32 amasinthana kusankha anyamata m'magawo 7, ndipo onse osankhidwa amapitirira 220. Mnyamata ayenera kukhala atakwanitsa zaka 18 pofika pa 15 September chaka chimenecho. Matimu omwe achita mofooka ndiwo amayamba, koma malo oyambirira amachitira maere. Maerewa anayamba mu 1995, anthu atakayikira kuti timu ya Ottawa inkagonja dala kuti ipeze Alexandre Daigle mu 1993. Daigle sanafike pomwe ankamuyembekezera, pamene Chris Pronger, yemwe anatengedwa wachiwiri, anadzasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi yonse mu 2000.

Nkhani yomwe ndinakhala nayo pansi ndi ya pa 7 July 2022. Draft inachitikira ku Montreal, ndipo timu ya mumzindawo, Canadiens, ndiyo inali yoyamba kusankha. Kwa zaka zingapo aliyense ankadziwa kuti woyamba adzakhala Shane Wright, mnyamata wa ku Ontario yemwe analoledwa kulowa ligi ya achinyamata ya OHL ali ndi zaka 15 zokha. Koma akuluakulu a Montreal anatchula dzina la Juraj Slafkovský wa ku Slovakia. Wright anadumphidwanso ndi New Jersey komanso Arizona, mpaka anakatengedwa wachinayi ndi Seattle. Kuyambira usiku umenewo masapota sanagwirizanenso.

A mbali ya Wright ankaloza manambala. M'nyengo yomwe inali itangotha, iye anagoletsa zigoli 32 ndi kupeza mapointi 94 (kuphatikiza zigoli zake ndi zomwe anathandiza anzake kugoletsa) m'masewero 63 ndi timu ya Kingston. Slafkovský, ku timu ya TPS ya mumzinda wa Turku ku Finland, anali ndi zigoli 5 ndi mapointi 10 m'masewero 31. Mukangoika manambala awiriwa pambali, mungaganize kuti akuluakulu a Montreal anali atazungulira mutu. Apa m'pamene panali phunziro langa loyamba, ndipo linanditengera nthawi kuti lilowe: manambala awiriwa sayeza chinthu chimodzi. Wright ankasewera ndi anyamata anzake a zaka 16 mpaka 20, ali nsanamira ya timu, akupatsidwa nthawi yambiri pa ayezi. Slafkovský ankalimbana ndi amuna aakulu, ena a mabanja awo, mu ligi yaikulu ya dziko la Finland, komwe mwana wa zaka 17 salowetsedwa kawirikawiri.

Pali njira yomwe anthu okonda ziwerengero, monga Gabriel Desjardins, anakonza pofuna kuthetsa vutoli. Amatenga osewera onse omwe anachoka mu ligi inayake n'kulowa mu NHL, n'kuona kuti mapointi awo pa sewero lililonse anatsika motani. Akatero amapeza mlingo wosinthira, moti pointi ya ku Finland imalemera kuposa ya mu OHL. Njirayi ndinaikonda, koma ili ndi chilema chachikulu. Imawerenga okhawo omwe anakwanitsa kufika mu NHL, ndiye kuti ochita bwino kale, ndipo sifunsa kuti mnyamatayo ankapatsidwa mphindi zingati. Imathandiza, koma siingatseke mkangano.

A mbali ya Slafkovský nawo anali ndi umboni wawo: mpikisano wa Olimpiki wa ku Beijing mu February 2022. Ali ndi zaka 17 anagoletsa zigoli 7 m'masewero 7, dziko lake linapeza mendulo ya buronzi, ndipo iye anasankhidwa kukhala wosewera wopambana pa mpikisanowo. Ndi zogometsa, sindikana. Komabe masewero 7 ndi ochepa kwambiri kuti munthu amangirepo tsogolo la timu, ndipo osewera a mu NHL sanapite ku Beijing. Nayo mbiri ya Wright inali yoperewera, chifukwa OHL sinaseweredwe nyengo yonse ya 2020–21 kaamba ka COVID-19. Choncho mbali zonse ziwiri zinkakangana ndi umboni woperewera, ndipo osaka luso a matimuwo analinso m'vuto lomwelo. Ntchito yawo ili ngati kugula chimanga chikadali m'munda mu January: mapesi ukuwaona, koma mvula ya February sukuidziwa.

Chomwe chinandikhudza kwambiri n'chakuti masapota amafulumira kuweruza. M'nyengo yake yoyamba Slafkovský anagoletsa zigoli 4 m'masewero 39 kenako anavulala, ndipo ambiri anati Montreal yataya mwayi wake. Nyengo yotsatira anagoletsa 20 ndi kupeza mapointi 50, ndipo mu July 2024 anasaina mgwirizano wa zaka 8 wa madola 60.8 miliyoni. Pamenepo oseka anakhala a mbali inayo, popeza Wright anali atabwezedwa ku ligi zazing'ono. Koma mu 2024–25 Wright naye anagoletsa zigoli 19 ku Seattle. Mkangano unkatembenuka chaka ndi chaka, pamene chigamulo chomwe ankakanganiracho chinapangidwa kamodzi, ndi zomwe zinkadziwika tsiku limenelo. Ndaona kuti funso lakuti ndani anapambana silindiphunzitsa zambiri. Lomwe limandiphunzitsa ndi lakuti kodi pali cholakwa chomwe osaka luso amachibwereza chaka ndi chaka?

Chilipo, ndipo draft yomweyo ya 2022 imachionetsa. Lane Hutson, wotchinga kumbuyo wa ku America, anali ndi luso lomwe aliyense ankaliona, koma anali wamfupi ndi wopepuka. Anatengedwa pa nambala 62. Montreal yomweyo, ngakhale ndiyo inamutenga, inayamba yamudumpha katatu, pa nambala 1, 26 ndi 33. Mu 2024–25 Hutson anapeza mapointi 66 n'kulandira Calder Trophy, mphoto ya wosewera watsopano wopambana. Si iye yekha. Brayden Point, nayenso wochepa thupi, anatengedwa pa nambala 79 mu 2014 n'kudzathandiza Tampa Bay kutenga Stanley Cup, chikho chachikulu cha NHL, kawiri. Ndipo mphunzitsi wa Montreal, Martin St. Louis, munthu wamfupi, palibe timu yomwe inamusankha pa draft, koma mu 2004 anali wosewera wopambana mu NHL yonse.

Ine ndikuona kuti gwero lake ndi mantha, osati umbuli. Wosaka luso akasankha chimphona n'kulephera, amanena kuti thupi linalipo, ndipo anthu amamumvetsa. Akasankha wamfupi n'kulephera, aliyense amamufunsa kuti kodi sunaone msinkhu wake? Mlandu wa zolakwa ziwirizi sufanana, choncho munthu wofuna kuteteza ntchito yake amapendekera mbali imodzi. Mwezi wobadwa nawo umasocheretsa. M'zaka za m'ma 1980 wofufuza wina dzina lake Roger Barnsley anaonetsa kuti m'matimu a achinyamata ku Canada mumachuluka obadwa kumayambiriro kwa chaka, chifukwa magulu a ana amagawidwa kuyambira pa 1 January. Mwana wa January amaoneka wamphamvu kuposa wa December, amapatsidwa aphunzitsi abwino, ndipo kusiyana kwa miyezi kumayamba kuoneka ngati kusiyana kwa luso.

Pali chinthu china chomwe sichilowa m'matebulo anga koma sindingachisiye. Mu 2023 Montreal inasankha David Reinbacher wa ku Austria pa nambala 5, n'kusiya Matvei Michkov wa ku Russia yemwe masapota ambiri ankamufuna. Ena mwa iwo anapita pa intaneti kukanyoza Reinbacher mwiniwakeyo. Mnyamatayo sanadzisankhe. Kutsutsa akuluakulu a timu ndi ufulu wa sapota aliyense, ndipo nthawi zina masapota amakhoza, monga pamene ankadandaula kuti mu 2018 Montreal inatenga Jesperi Kotkaniemi pofuna wosewera pakati, n'kusiya Brady Tkachuk kuti apite ku Ottawa. Koma mkwiyo umenewo suyenera kugwera mwana wa zaka 18.

Gawo lotsala la ntchito yanga ndi kusonkhanitsa onse omwe anasankhidwa kuyambira 2005, pomwe draft inatsikira pa magawo 7, mpaka 2015, kuti aliyense akhale atapeza nthawi yokwanira yokula. Ndidzawagawa potengera msinkhu ndi mwezi wobadwa, n'kuwerenga angati pa gulu lililonse anafika masewero 200 mu NHL. Ngati aafupi otengedwa pa nambala zofanana ndi ataliatali akufikako ochuluka, ndiye kuti matimu amawachedwetsa mopitirira muyezo, ndipo ndidzatha kunena kuti ndi malo angati.