Umboni wa mbewa

Chaka chatha ndinagula chiphakasa cha galimoto kwa mlimi wina kunja kwa South Bend, kuno ku Indiana. Injini munalibe, dzimbiri lokhalokha, koma nditatsegula boneti mtima unangoti phaa! Pa kachitsulo ka chizindikiro, komwe eni ake amati fender tag, panali E74 ndi BS23. Kwa ife odwala matenda a galimoto zakale, zimenezo zikutanthauza Plymouth 'Cuda ya 1970 ya injini ya 426 Hemi. Zadenga lolimba zoterezi anangopanga 652 basi. Mlimiyo ankaoneka wogona, ine n'kumati ndamubera. Ndalama zomwe tinkasungira malata a nyumba ya ku Ntcheu zinapita tsiku lomwelo.

"Bambo a Chifundo, mwagula khola la nkhuku?" anafunsa mayi akunyumba.

Ndinawauza kuti adikire, kholali litimangira nyumba yosanja.

Loweruka ndinaitana mkulu wina wa kutchalitchi kwathu, yemwe anakalambira m'magalaja. Ndinaitananso anzanga atatu, ati adzaone mmene munthu amalemerera. Nyama inali ikupsa kale pamoto.

Mkuluyo anavala magalasi, nawerama. Kachitsulo kaja anakayang'ana nthawi yaitali, kenaka anakakanda ndi chikhadabo. Anati ku fakitale ya ku Hamtramck, komwe ankapangira galimoto zoterezi, ankakapopera penti limodzi ndi galimoto, ndiye kanga kakuwala bwanji ngati supuni yatsopano? Anapita pa nambala ya pa dashibodi. Misomali yake yeniyeni imakhala ndi mitu yonga kaduwa. Yanga inali yozungulira bwinobwino, ya m'sitolo ya zomangira. Anzanga anasiya kutafuna.

Ine osagonja. Ndinakumbuka kuti ogwira ntchito ku fakitale ankatsendera pepala la galimoto, lolembapo zonse, m'masipuling'i a mpando wakumbuyo. Ndinazula mpandowo mwamphamvu. Mbewa inatulukamo liwiro n'kundikwera m'mwendo wa buluku. Munthu wa ku Ntcheu, amene ndinakula ndikukumba mbewa ndi khasu, ndinakuwa mpaka galu wa aneba anayankha. Ndinavina pa udzu, lamba m'manja, buluku m'maondo.

Phokoso litatha tinapeza chisa. Pepala lija mbewa inali italinyenyanyenya n'kuyala mphasa ya ana ake. Kanatsala kachidutswa kamodzi kokha ngati sitampa. Mkuluyo anakatola ndi zala ziwiri, nawerenga mokweza ngati lemba la tsiku: BH23G. Barracuda wamba, ya injini ya 318, yomwe agogo ankapitira kokagula mkaka. Ikanakhala ya Hemi, chilembo chachisanu chinayenera kukhala R.

Mayi akunyumba anatuluka ndi mbale ya nsima, nandiyang'ana kuyambira ku nsapato.

"Kwezani buluku, Bambo a Chifundo, alendo adye. Ndipo mbewayo musaiphe. Pa nkhani yonseyi ndi yokhayo yomwe sinakunamizeni."

Galimotoyo ikadali kuseli kwa nyumba. Sabata yatha mayi akunyumba agula nkhuku zinayi.